Ponte yokwana m'dzanja, ndi tinyumba tina ta simenti

Kuno ku Mangochi ndi mabanja ochepa amene alibe mwana, mlamu kapena bambo amene ali ku Joni. Mukatchula dzina loti Ponte pamene anyamata akusewera bawo, simusowa wina wodzutsa mutu. Ndi chinyumba chija chozungulira cha ku Berea, moyandikana ndi Hillbrow, chotalika mamita 173, chimene chinatha kumangidwa mu 1975. Pakati pake anasiyapo chibowo kuchokera pamwamba mpaka pansi kuti kuwala kuzifika m'zipinda zoyang'ana mkati. Ena mwa anyamata athu anagonamo, ambiri ankangochionera pawindo la basi n'kudziwa kuti ulendo uja watha. Mbiri yake si yoyera ayi. M'zaka za m'ma 1990 m'chibowomo munadzaza zinyalala mpaka kukwirira nsanjika zingapo zapansi, ndipo anthu ankachilambalala.

Ine ku Joni sindinapondeko, koma Ponte ndili nayo pa desiki. Ndi ya simenti, yotuwa, yotalika masentimita 15, yolemera kuposa mmene imaonekera. Anabwera nayo mwana wa achemwali anga pa tchuthi cha Disembala. "Ankolo, inu paja mumakhalira kujambula nyumba. Nditangoiona ndinati iyi ndi ya ankolo basi." Mtengo wake anakana kunditchulira, ndipo ine ndinamva pomwepo kuti unali wochititsa manyazi. M'chibowo chija, momwe munkatayidwa zinyalala, ine ndimaikamo mapensulo.

Ntchito yanga ndi yojambulira anthu mapulani a nyumba. Ofesi ndi kachipinda kamodzi pa boma pano, ndipo kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa fani simazimitsidwa pokhapokha magetsi akathima okha. Amene anagwirapo ntchito ya mapepala akuluakulu pansi pa fani akudziwa vuto lake. Kale ndinkapsinja mapulani ndi mwala, kapu ya tiyi, foni, chilichonse chimene chili pafupi. Choncho ntchito yoyamba ya Ponte inali yopsinjira mapepala, ndipo imaigwira bwino zedi. Koma anthu obwera muofesi anayamba kuitola, kuitembenuza, kusuzumira m'chibowo, n'kumafunsa. Mafunso awo ndiwo anandichititsa kufufuza kuti kodi zinthu zimenezi zimachokera kuti.

Pa intaneti ndinapeza kuti ndi malonda enieni. Pa Etsy, msika wa pa intaneti wa zinthu zopanga pamanja, ndi pa Instagram pali anthu amene amaumba tinyumba timeneti m'magalaja mwawo n'kumagulitsa, tina topsinjira mapepala, tina tochirikizira mabuku pa shelefu, tina toikamo kandulo kapena kamtengo kakang'ono. Nyumba zimene amatsanzira zimakhala zomwezomwezo: Villa Savoye ya ku France, sukulu ya Bauhaus ya ku Dessau, Unité d'Habitation ya ku Marseille, Trellick Tower ndi Barbican za ku London, Habitat 67 ya ku Montreal imene Moshe Safdie anaisanja ndi mabokosi 354 a konkire, komanso tchalitchi chachikulu cha ku Brasília cha Oscar Niemeyer, cha mizati 16 yopindika. Zonsezi ndi za kamangidwe kamene amakatchula kuti modernism. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, akatswiri ena a mapulani anatopa ndi nyumba zodzaza zokongoletsa za maluwa ndi mitu ya mikango. Anati nyumba izioneka mmene yamangidwira. Konkire yokhala ndi zitsulo mkati inawapatsa mpata, chifukwa katundu yense amasenza ndi mizati, khoma n'kungokhala chotchinga, moti windo likhoza kuyenda kuchokera pangodya kukafika pangodya inzake. Walter Gropius anatsegula Bauhaus ku Weimar mu 1919, inasamukira ku Dessau mu 1925, ndipo inatsekedwa mu 1933 chipani cha Nazi chitaipanikiza. Aphunzitsi ake anabalalikira m'maiko ena, maganizowo n'kufalikira nawo.

Chimene nyumba zimenezi zimakomera zikachepetsedwa n'choti zilibe zambiri zotaya. Mutati muumbe tchalitchi cha St Michael and All Angels cha ku Blantyre, chija chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, chokwana m'dzanja, kukongola kwake konse kukhoza kusowa, poti kuli m'kasanjidwe ka njerwa imodziimodzi. Koma Unité d'Habitation ndi bokosi lalitali loimirira pa miyendo yonenepa, lokhala ndi timakonde tambirimbiri tolowa mkati. Mukalichepetsa limakhalabe lomwelo, mithunzi yake n'kumagwa momwemo. Chinanso, kanyumbako kamapangidwa ndi chinthu chomwecho chimene anamangira yaikuluyo. Le Corbusier, katswiri wa mapulani amene anajambula Unité, ataimaliza mu 1952, ya mafulati 337, sanalole kuti konkire ibisidwe ndi pulasitala. Mizere ya matabwa amene anatsekera konkire ikuonekabe mpaka lero. Ka pulasitiki sikangakupatseni zimenezo, ngakhale kapentedwe motani.

Pali china chimene chimandiseketsa pa malonda amenewa. Trellick Tower, ya nsanjika 31, imene Ernő Goldfinger anajambula ndipo inatsegulidwa mu 1972, inali nyumba ya boma yokhalamo anthu wamba. Zikepe anaziika mu nsanja yakeyake yowonda, yolumikizidwa ku nyumba yaikulu ndi timilatho pakatha nsanjika zitatu zilizonse. M'zaka zoyambirira anthu ankaida, kunali umbanda, zikepe zinkafa. Mu 1998 boma la Britain linaiika pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa, ndipo lero mafulati ake amafunidwa ndi anthu a ndalama. Tsono nyumba yomangira osauka yasanduka chokongoletsera madesiki a anthu amene nthawi imeneyo sakanayerekeza kugonamo usiku umodzi. Ponte nayo ndi chimodzimodzi. Sindikuti n'kulakwa, koma ndi bwino wogula azidziwa chimene wagula.

Poti kuitanitsa kunja n'kodula, ndipo simenti timaiona tsiku ndi tsiku, mpaka fakitale yake ili m'boma lathu lomwe lino ku Njereza, ndinaganiza zoyesa ndekha. Anandithandiza ndi bambo ena achikulire amene tonse timangowatchula kuti a foromani, amene akhala akumanga nyumba m'mbali mwa nyanja kuyambira ine ndisanabadwe. Nditawaonetsa Ponte anaiyeza m'manja, n'kuikanda ndi chikhadabo.

"Iyitu si konkire, mwana wanga. Mulibe kwale umu. Ndi matope a simenti ndi mchenga basi. Koma amene anapanga amadziwa madzi."

"Madzi bwanji, madala?"

"Taonani, palibe mng'alu. Anyamata a masiku ano amathira madzi ambiri kuti fosholo ipepuke. Madzi owonjezera aja akamachoka amasiya timabowo, ndiye chinthu chimafooka."

Tinayambira pa mchenga. Wa m'mbali mwa nyanja umakhala ndi tizidutswa ta zigoba za nkhono, ndipo wa m'makwawa umabwera ndi dothi. Pa nyumba yeniyeni zina mwa zimenezi zimabisika, koma pa kanthu ka masentimita 10 kachigoba kamodzi kamatha kugumula ngodya yonse. Ndimausefa pa chidutswa cha gozi wa pawindo, chifukwa tsiku limene ndinatenga sefa ya ufa mayi a kunyumba sanandilankhule mpaka madzulo. Ndikasefa ndimautsuka mu ndowa mpaka madzi azituluka oyera, kenako kuuyanika. Muyeso ndi kapu imodzi ya simenti pa makapu awiri a mchenga, ndipo pamene pali tizigawo towonda ndimalinganiza, kapu kwa kapu. Madzi amathiridwa pang'onopang'ono uku ukutakasa, mpaka ukatapa ndi supuni zizitsika mwaulesi, osati kuyenderera.

Chikombole ndiye mutu wa ntchito yonse. Cha kanyumba ka mabokosi okhaokha ndimachidula ku katoni yolimba kapena zotsala za bolodi ya siling'i, mkati n'kumata tepi ya pulasitiki kuti madzi asalowerere. Chovuta n'choti uyenera kuganiza chobwerera m'mbuyo. Pamene pa nyumba pali windo lolowa mkati, m'chikombole pamakhala kanthu kotukuka. Khonde lotuluka kunja limakhala dzenje. Kumanja kumapita kumanzere. Ine amene ndakhala ndikujambula mapulani zaka zonsezi ndinkaima kaye n'kugwira pachipumi. Chikombole cha katoni chimagwira kamodzi kokha, poti pochotsa umachita kuching'amba. Ukafuna kubwereza kanyumba komweko kangapo, umayamba wasema koyamba pa thabwa lofewa la malaina, kenako n'kukakuta ndi silikoni. Ya akatswiri kuno simapezeka, koma ija ya m'machubu ya ku hadiweya, yonunkha viniga imene amamatira magalasi, ukaikanda pamodzi ndi ufa wa cornflour imasiya kumata m'manja, imaumbika, ndipo imalimba mofulumira. Ikalimba imakhala yonyumbuka, moti umaisenda pa simenti osathyola kanthu.

Usanathire umapaka mafuta ophikira m'chikombole, ochepa kwambiri, ongonyezimiritsa. Akachuluka amasiya mawanga ndi timaenje. Ukathira, mdani wotsala ndi mpweya umene watsekeredwa m'ngodya. Poyamba ndinkagogoda m'mbali ndi supuni, timathovu n'kumatumphuka pamwamba kamodzikamodzi. A foromani anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anakuwira mnyamata wa kabaza amene anaima pamthunzi.

"Achimwene, talizani njinga yanuyo, musayende ayi."

Anasanjika chikombole pa mpando wa njinga yamoto injini ikulira, atachigwira ndi manja awiri. Simenti inayamba kunjenjemera, pamwamba pake panadzaza timathovu tambirimbiri, kenako panasalala n'kuyamba kuwala. Sipanathe mphindi imodzi anachichotsa. Akuti ukapitiriza, mchenga umatsikira pansi, madzi n'kukwera pamwamba, ndiye wawononga. Mnyamata uja anafuna kulipidwa mtengo wa ulendo wa kumsika ngakhale sanasunthe, ndipo ndinamupatsa.

Kenako pamabwera gawo limene dzuwa la Mangochi limalimbana nawe. Anthu ambiri amaganiza kuti simenti imalimba chifukwa chouma, ndiye amaika padzuwa kuti ifulumire. N'zosiyana. Simenti imalimba chifukwa ikudyana ndi madzi, ndipo madziwo akathawa msanga ntchito imaimira panjira. Mu Okutobala kuno kutentha kumapitirira madigiri 35 kawirikawiri, moti kanthu kakang'ono kotere kamauma maola ochepa, n'kutuluka kofumbutuka m'ngodya. Ine ndimakulunga chikombole mu jumbo, n'kuchiika pansi pa bedi. Pakapita masiku awiri ndimatulutsa kanyumbako, n'kukamiza m'beseni la madzi kwa sabata yathunthu. Mainjiniya amayeza mphamvu ya konkire pa masiku 28, ndipo ngati kanthuko ndi kopatsa munthu ndi bwino kudikira chimodzimodzi. Pomaliza ndimakwecha ndi sandipepa wonyowetsa kuti fumbi lisalowe m'chifuwa, n'kumata kachidutswa ka chubu cha njinga kunsi kwake kuti kasakande desiki. Magolovesi musaiwale. Simenti yaiwisi imadya khungu, funsani aliyense woumba mabuloko akuonetseni zala zake. Ena amathira okisaidi wofiira kapena wakuda uja wa pansi pa nyumba, ena amapaka polishi. Ine ndimakonda kotuwa komweko, ndipo timabowo tiwiri titatu totsalira sindititseka.

Ndikamachepetsa nyumba m'pamene ndimaona kuti tinyumba tonseti timanama. Villa Savoye ndi pafupifupi mamita 20 mbali iliyonse. Pa sikelo ya 1:200 imakhala masentimita 10, bwinobwino pa desiki. Koma pa sikelo yomweyo mzati wonenepa masentimita 30 umatsala milimita imodzi ndi theka. Simenti ndi mchenga sizingalowe m'kabowo kotero, ndipo zitalowa kakhoza kuthyoka ukangoyetsemula. Ndinagwiritsa ntchito masipoko a njinga, odulidwa mofanana, ozikidwa mu simenti isanalimbe. Makoma umawanenepetsa, mawindo khumi umawasandutsa mzere umodzi. Nditawerenga mizere ya pa Ponte yanga sinafike ngakhale theka la nsanjika zake zoposa 50, koma aliyense wobwera ku Joni amaizindikira ali pakhomo. Luso lagona pa kudziwa chimene ungachotse nyumbayo n'kukhalabe yomweyo, ndipo kuti udziwe zimenezo uyenera kuiyang'anitsitsa kuposa mmene anthu okhalamo amaiyang'anira.

Villa Savoye ndiyo ndimaikonda, komanso ndiyo ndimakangana nayo. Le Corbusier anaijambula pamodzi ndi msuweni wake Pierre Jeanneret, ndipo inamangidwa ku Poissy, kufupi ndi Paris, pakati pa 1928 ndi 1931. Ndi bokosi loyera lokwezedwa pa mizati, mawindo ake oyenda chopingasa, denga lafulati lokhala ndi dimba pamwamba. Khoma lapansi analipinda motsatira mmene galimoto imakhotera, kuti dalaivala alowe pansi pa nyumba, atsitse abwana, n'kukaimika. Pa zithunzi ndi yosiririka. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nyumbayi inkadontha. Mayi Savoye analemba makalata angapo odandaula kuti mvula ikulowa m'zipinda, ndipo m'nyengo yozizira inkavuta kutenthetsa. Banjalo linachokamo mu 1940, asilikali anakhalamo nthawi ya nkhondo n'kuiwononga, ndipo inatsala pang'ono kugwetsedwa. Boma la France linaiteteza mu 1965, ndipo mu 2016 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wake wa malo ofunika pa dziko lonse pamodzi ndi ntchito zina za Le Corbusier, zonse pamodzi 17. Ka pa desiki sikadontha, n'chifukwa chake n'kosavuta kukakonda.

Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa masiku ano makasitomala ambiri amabwera ndi chithunzi cha pa Facebook, n'kunena kuti akufuna ya denga lobisika. Ndi zidzukulu za Villa Savoye zimenezo, ngakhale eni ake sanamvepo dzinalo: bokosi loyera, magalasi akuluakulu, malata obisidwa kuseri kwa kakhoma, khonde palibe. Malata oterowo amagona kwambiri, ndipo madzi onse amathamangira mu ngalande imodzi imene ili mkati mwa khoma. Masamba a mango akangotseka potulukira, mvula ya Januwale imabwerera n'kutsikira mu siling'i. Zimatheka kumanga bwino, koma zimafuna ngalande yotakata, potulukira pawiri, ndi munthu wokwera kukasesa chaka chilichonse. Ambiri amamva mtengo wake n'kuyamba kudula zomwezo.

Za dzuwa ndiye ndinasiya kukangana ndi pakamwa. Ndinaumba timabokosi tiwiri tofanana, kena kopanda chotchinga chilichonse, kena kokhala ndi silabu yotulukira kunja pamwamba pa mawindo ndi khonde mbali imodzi. Mthunzi sulabada za sikelo: mmene umagwera pa kanyumba ndi mmene udzagwere pa nyumba yeniyeni, bola uloze mbali yoyenera. Bambo wina wobwera ku Joni, amene akumanga cha ku Namiasi, anandiuza kuti khonde ndi zachikale, za nyumba za agogo. Inali cha m'ma 3 koloko masana. Ndinamutulutsa panja, tinaika timabokosi tija pa boneti ya galimoto yake, n'kutilozetsa ndi kampasi ya pa foni. Pa koyamba dzuwa linalowa pawindo la kumadzulo mpaka kukagunda khoma la mkati. Pa kachiwiri windo lonse linali mumthunzi.

"Ndiye bwana mukuti pabalaza panga pazikhala chonchi tsiku lililonse?"

"Kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, achimwene. Ndipo galasi likalowetsa kutentha silikutulutsanso."

Anavomera khonde kumadzulo kokha. Kutsogolo, koyang'ana kumsewu, anati kukhale mmene kulili pa chithunzi, anthu aziona. Denga lobisika nalo sanalisiye. Ndalama ndi zake.

Le Corbusier mwiniwake anaphunzira za dzuwa atayamba kugwira ntchito m'maiko otentha. Ku Chandigarh, mzinda wa ku India umene anaujambula m'zaka za m'ma 1950, nyumba za boma zili ndi zotchinga dzuwa za konkire zakuya kutsogolo kwa mawindo, ndipo bwalo lalikulu la milandu lili ndi denga lachiwiri pamwamba kuti mphepo izidutsa pakati. Maxwell Fry ndi Jane Drew, amene anagwira naye ntchito kumeneko, anamanga yunivesite ya Ibadan ku Nigeria ndi makoma a mabowomabowo olowetsa mphepo n'kutsekereza dzuwa. Mabuloko a mabowo amene timawaona pa makonde a sukulu, zipatala, mizikiti ndi nyumba zakale za boma kuno kwathu ndi a banja lomwelo. Timangowadutsa, ena mpaka akuwatseka ndi simenti n'kugula fani.

Apa m'pamene pali nkhani yanga yeniyeni. Pa tinyumba tonse ndinaona pa intaneti, ta ku Africa kuno tinali tochepa kwambiri, pamene nyumba zoyenera zilipo. Amalonda athu opita ku Dar es Salaam amaudziwa msika wa Kariakoo, umene Beda Amuli, katswiri wa ku Tanzania komweko, anaujambula m'zaka za m'ma 1970 ndi denga la mafanelo akuluakulu a konkire okolola madzi a mvula. Unapsa ndi moto mu 2021. Ku Nairobi kuli Kenyatta International Convention Centre ya mu 1973, nsanja yozungulira pambali pake pali holo ya denga losongoka. Ku Maputo kuli tchalitchi cha Santo António da Polana cha mu 1962, cha denga la konkire lopindapinda. Kwathu kuno likulu litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, kunamangidwa Capital Hill ndi nyumba zina za ku City Centre, ndipo pakati pa zonsezo pali ya Reserve Bank imene imanka ikukula pokwera m'mwamba, nsanjika iliyonse kuphimba inzake ya pansi ku dzuwa. Ku Zomba kuli University of Malawi, imene kale inali Chancellor College, ndi makonde ake ataliatali. Ku Blantyre kuli chipilala cha ufulu cha pa Chichiri. Pa ndalama zathu timayenda ndi zithunzi za zomangamanga m'thumba, nyumba ya malamulo pa K200, damu la Mulunguzi pa K500, koma ndi angati anaziyang'anapo kawiri?

Ngakhale pa boma pano, mlatho wa Bakili Muluzi umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndi konkire yooneka bwino, makamaka ukauonera m'bwato kunsi kwake, osati uli pamwamba kuthawa njinga. Ndinauumba wautali masentimita 30, woti uzigonekapo mapensulo ndi rula. Anthu akauona amafunsanso za nsanja ya wotchi ija ya chikumbutso cha Mfumukazi Victoria ya mu 1903. Imeneyo ndi ya njerwa ndipo si ya kamangidwe kameneka, koma ndimawaumbira, poti ndiyo imene munthu wa ku Mangochi amaizindikira msanga.

Mukapita ku Cape Maclear kapena pa misika ya ziboliboli ya m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, mupeza njovu, mvuu, nsomba, mipando ya mafumu ndi mabawo. Ndi ntchito yabwino, ndipo osemawo ndi amisiri enieni. Koma mlendo akamabwerera kwawo ndi zimenezo zokha, amakauza anzake kuti ku Malawi kuli nyama ndi nyanja, ngati kuti anthu ake sanamangepo kanthu. Komanso mitengo yosema ija ikutha. Thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 likhoza kutulutsa tinyumba toposa 100 ta kukula kwa Ponte yanga. Simenti nayo ili ndi mlandu wake pa chilengedwe, poti kuwotcha miyala ya laimu kumatulutsa mpweya woipa wambiri, koma pa zinthu zazing'ono chonchi zotsala za pa saiti imodzi zimakwanira.

Pa nkhani ya mphatso, ndaona kuti si aliyense angakondwere nako. Ndinapatsa mayi anga kanyumba kamodzi, iwo n'kukatembenuza uku ndi uku. "Ndiye kamagwira ntchito yanji kameneka, mwananga?" Pano kamatsekereza chitseko cha kukhitchini kuti mwera usachimenyetse, ndipo akuti n'kothandiza. Ku ukwati musayerekeze kupita nako. Kumeneko anthu amayembekezera mapoto, mabulangete ndi ndalama za perekaniperekani, ndipo akalengeza pa maikolofoni kuti ankolo abweretsa simenti, nkhani yake idzakutsatani mpaka kumanda. Koma kwa mphunzitsi amene akupuma pa ntchito, mnzanu amene wasamutsidwira ku Mzuzu, mwana amene wamaliza maphunziro a zomangamanga, kapena munthu amene wangomaliza nyumba yake patatha zaka akuvutika, n'kosiyana ndi kapu yolembedwa dzina imene aliyense amapereka. Imene inandisangalatsa kwambiri ndi ya mayi wina, namwino, amene ana ake anandipempha kuti ndiumbe nyumba yawo yomweyo ya zipinda zitatu, yomwe ndinajambula ndine. Anaiika pamwamba pa TV.

China ndinachizindikira mochedwa. Ambiri mwa abale athu achisilamu, amene ndi ochuluka m'boma lino, sakonda kuika m'nyumba ziboliboli za anthu kapena nyama. Kanyumba alibe nako vuto. Shehe wina wachikulire amene ndinamujambulira pulani ya sitolo anatola ka mlatho kaja n'kufunsa ngati ndingaumbe mzikiti wa kumudzi kwawo. Denga lozungulira lija ndinalipeza podula pakati mpira wa pulasitiki wa ana, koma nsanja yake yowonda inafuna waya mkati.

Kulemera ndiko kumavutitsa potumiza. Konkire imalemera makilogalamu pafupifupi 2,400 pa kiyubiki mita, kutanthauza kuti kabokosi kodzaza ka masentimita 10 mbali zonse kamapitirira makilogalamu awiri. Wokwera ndege amaganiza kawiri. Ndiye ndinayamba kuika chidutswa cha thovu loyera lija lotetezera mafiriji m'makatoni pakati pa simenti, kuti mkati mukhale mopepuka, makoma okha n'kukhala olimba. Ngodya ndizo zimathyoka pa minibasi, choncho ndimakulunga ndi nyuzipepala zambiri, n'kuika m'katoni yothina kuti kasagwedere. Ndimalembanso kapepala konena dzina la nyumbayo, kumene ili ndi chaka chake, chifukwa popanda zimenezo wolandira amangoona buloko.

Pakali pano ndikulimbana ndi ya Reserve Bank. Kuumba kwake n'kosavuta kuposa mmene ndinkaopera, chifukwa nyumba yokula kumwamba imatuluka yokha m'chikombole ukasiya denga lake kukhala kukamwa kwa chikombolecho. Vuto ndi kuimirira. Kumwamba n'kolemera, pansi m'pochepa, ndiye ukangogunda desiki ndi bondo kamagwa chamutu. A foromani akuti ndizike bawuti yaikulu m'munsi mwake n'kukakhazika pa silabu yotakata, kumwambako ndiikemo thovu lija. Silabuyo ndaiumba kale, ili m'beseni. Bawuti ndikaifuna Loweruka kwa anyamata okonza magalimoto kuseri kwa depoti.